JOHNNY CASH: MWANA WA MLIMI WA THONJE AMENE ANAIMBA MPAKA KU UKALAMBA

Munthu amene anakulira ku midzi ya kuzambwe kwa Lilongwe, kaya ndi ku Namitete, ku Nsaru kapena ku Kabudula, sasowa kuuzidwa kuti nyimbo za country ndi zotani. Kuyambira zaka za m'ma 1960 nyimbozi zinkamveka pa wailesi ya MBC, m'magolosale, m'mabasi, ngakhale m'zigafa pamene anthu ankasoka fodya dzuwa litapendeka. Maina a Jim Reeves, Skeeter Davis, Don Williams, Dolly Parton ndi Kenny Rogers analowa m'makutu mwa anthu amene Chingerezi chawo chinalekezera ku pulaimale. Dzina la Johnny Cash silinafale kuno monga enawo, pakuti nyimbo zake sizinali zotsekemera. Liwu lake linali lolemera ndi lokakala, ndipo nkhani zake zinali za akaidi, zidakwa, sitima za pamtunda ndi anthu osauka. Komabe mwa oimba onsewa, iye ndiye amene moyo wake ukanamveka msanga kwa mlimi wa ku Mpingu kapena ku Nambuma, ndipo chodabwitsa pa mbiri yake n'chakuti ntchito imene ambiri amamukumbukira nayo lero anaichita atakalamba, anthu atamuyesa wotha.

Iye anabadwa pa 26 February 1932 m'tauni yaing'ono ya Kingsland, m'chigawo cha Arkansas, kummwera kwa dziko la America. Anali wachinayi mwa ana asanu ndi awiri a bambo Ray Cash ndi mayi Carrie. Makolo ake anamutcha malemba awiri okha, J. R., ndipo dzina la John anadzalitenga polowa usilikali, chifukwa kumeneko sankalola munthu kulembetsa ndi malemba okhaokha. Masiku amenewo chuma cha America chinali chitagwa, mitengo ya thonje itatsikiratu, ndipo alimi ambiri anali paumphawi woopsa. M'chaka cha 1935 boma la Pulezidenti Franklin Roosevelt linasankha banja la a Cash kukhala limodzi mwa mabanja okakhazikika ku Dyess, malo atsopano a alimi osauka. Banja lililonse linkapatsidwa nyumba, munda, nyulu ndi ng'ombe, zonsezo pa ngongole yobweza pang'onopang'ono. A Cash analandira maekala 20. Akuluakulu amene akukumbukira chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chinayamba m'chaka cha 1968 ndi kubweretsa misewu, migula ndi ngongole za feteleza, angathe kumvetsa mtima wa munthu wolima ali ndi ngongole ya boma pamutu. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku Dyess anachita kusamutsidwa, ndipo ntchito yawo yoyamba inali kugwetsa mitengo ndi kuzula zitsa.

Mnyamatayu anayamba kupita kumunda ali ndi zaka zisanu. Banja lonse linkaimba nyimbo za Mulungu potola thonje, ndipo madzulo amayi ake ankaimba gitala pamene wailesi ya mabatire inkabweretsa nyimbo za kutali. M'chaka cha 1937 madzi osefukira anamiza minda ya ku Dyess, anthu n'kuthawa m'nyumba zawo, ndipo patapita zaka zambiri iye anapeka nyimbo yotchedwa Five Feet High and Rising pokumbukira zimenezo.

Koma chimene chinamusiyira chipsera chosapola chinachitika mwezi wa May 1944. Mkulu wake Jack, mnyamata wa zaka 14 amene ankakonda Baibulo ndipo ankafuna kudzakhala mlaliki, anapita kukacheka mitengo ya mpanda ndi macheka a makina kuti apezeko tindalama tothandizira pakhomo. Tsiku limenelo J. R. anamunyengerera kuti apite onse kukawedza nsomba, koma Jack anakana. Machekawo anamukoka ndi kumung'amba pamimba, ndipo atavutika kwa sabata yathunthu anamwalira. J. R. anali ndi zaka 12. Moyo wake wonse sanaleke kulankhula za mkulu wakeyo, ndipo amene amvetsera bwino nyimbo zake amapeza kuti imfa, kulakwa ndi chikhululukiro ndizo nkhani zimene ankabwererako nthawi ndi nthawi.

Atatsiriza sukulu ya sekondale m'chaka cha 1950 analowa gulu la asilikali a ndege, ndipo anatumizidwa ku Landsberg, ku West Germany, kumene ntchito yake inali kutchera khutu mauthenga a pa wailesi a asilikali a Soviet Union. Kumeneko ndiko anagula gitala wake woyamba. Atabwerera kwawo m'chaka cha 1954 anakwatira Vivian Liberto, nakakhala mumzinda wa Memphis, kumene ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa katundu wa m'nyumba, ntchito imene sinamuyanje konse. Madzulo ankaimba ndi amakaniko awiri, Luther Perkins ndi Marshall Grant. Atatuwa sanali akatswiri pa zoimbira, ndipo analibe woimba ng'oma, kotero kuti Cash ankapanikiza kapepala pansi pa nsambo za gitala kuti kazimveka ngati kang'oma. Umphawi umenewu wa zipangizo ndiwo unabala kamvekedwe kawo, konga kugunda kwa sitima pa njanji. Sam Phillips wa kampani ya Sun Records, yemweyo amene anatulukira Elvis Presley, anawajambula m'chaka cha 1955, ndipo pofika 1956 nyimbo za Folsom Prison Blues ndi I Walk the Line zinali zitamveka m'dziko lonse. M'chaka cha 1958 anasamukira ku kampani yaikulu ya Columbia.

Paja akuluakulu amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Maulendo osatha a zoimbaimba anamuphunzitsa kumwa mapiritsi othamangitsa tulo, kenaka ena obweretsa tulo, mpaka anakhala kapolo wa zonse ziwiri. Anaonda, ankalephera kufika pa malo amene anthu anali atalipira kale kuti amumve, ndipo mwezi wa October 1965 anamangidwa ku El Paso atapezeka ndi mapiritsi ambirimbiri ochokera ku Mexico. Olemba mbiri yake ena amathamanga pamenepa kuti akafike msanga pa chikondi chake ndi June Carter, koma si bwino kuiwala kuti amene analipira mtengo wa zaka zimenezi anali Vivian ndi ana ake anayi aakazi, amene ankagona osadziwa ngati bambo wa pakhomo abwerako wamoyo. Ukwati umenewu unatha m'chaka cha 1967. Tinenenso kuti ngakhale ambiri amaganiza kuti Cash anali mkaidi, iye sanagwirepo ukaidi. Anangogonako m'zitolokosi za apolisi maulendo angapo.

Chaka cha 1968 ndicho chinamudzutsa koyamba. Pa 13 January anakaimbira akaidi m'ndende ya Folsom, ku California, ndipo nyimbozo zinajambulidwa pomwepo, phokoso la akaidi likumveka. Pa 1 March anakwatira June Carter, mwana wa banja lotchuka pa nyimbo za country, amene anali atalimbana naye kwa nthawi yaitali kuti asiye mapiritsi. Chaka chotsatira anajambulanso m'ndende ya San Quentin, ndipo kuyambira 1969 mpaka 1971 anali ndi pologalamu yakeyake pa wailesi ya kanema. Zovala zake zakuda zinamupatsa dzina lakuti Man in Black, ndipo iye ankafotokoza kuti amazivala polirira osauka, akaidi ndi ophedwa kunkhondo. M'chaka cha 1980 analandiridwa mu Country Music Hall of Fame, ulemu waukulu koposa pa chamba chimenechi, ali ndi zaka 48 zokha.

Ulemu wotere uli ndi kuopsa kwake, chifukwa munthu akaikidwa pa gulu la otchuka akale, anthu amayamba kumuona ngati chithunzi cha pakhoma. Zaka za m'ma 1980 zinamuipira. Nthiwatiwa imene ankaweta inamupanda n'kumuthyola nthiti, ndipo mankhwala opha ululu amene anapatsidwa anamubwezera ku ukapolo wake wakale, mpaka anakagonekedwa ku malo othandizira anthu otere m'chaka cha 1983. Zimbale zake zinaleka kuyenda malonda. Mlandu wina unali wa iye mwini, pakuti ankajambula mosaikapo mtima. M'chaka cha 1984 anatulutsa nyimbo yachibwana yotchedwa The Chicken in Black, yonena za kuika ubongo wake m'mutu mwa nkhuku, ndipo amene ankamulemekeza anachita nayo manyazi. Mlandu wina unali wa oyang'anira ntchito yojambula mumzinda wa Nashville, likulu la nyimbo za country, amene ankayesa kumusandutsa wamakono pomuunjikira zoimbira zambirimbiri ndi magulu a othira mang'ombe, mpaka liwu lake linkamira. M'chaka cha 1986 kampani ya Columbia inamusiya, atagwira nayo ntchito zaka 28. Anapita ku kampani ya Mercury, koma nakonso sizinayende. M'chaka cha 1988 anachitidwa opaleshoni ya mtima. Pamene anyamata atsopano monga Garth Brooks ankagulitsa zimbale mamiliyoni, iye ankaimbira alendo okalamba m'tauni ya Branson, ku Missouri, nthawi zina mipando yambiri ili yopanda anthu.

Kumayambiriro kwa 1993, ali ndi zaka 61, anaimba pa malo ena odyera ku Santa Ana, ku California, ndipo atatha anauzidwa kuti pali munthu wofuna kumuona. Munthuyo anali Rick Rubin, mnyamata wa ndevu zazitali ndi tsitsi losapesa, wobadwa m'chaka cha 1963, ndiye kuti wamng'ono kwa Cash ndi zaka 31. Rubin analibe mbiri iliyonse pa nyimbo za country. Anatchuka poyambitsa kampani ya Def Jam ndi kujambula oimba a chamba cha rap monga LL Cool J ndi Beastie Boys, ndiponso magulu a phokoso loboola m'makutu monga Slayer. Cash anadabwa kuti munthu wotere angafunenji kwa nkhalamba yotayidwa. Chimene Rubin anapempha chinali chapafupi: kuti Cash akhale pansi ndi gitala wake, aimbe nyimbo iliyonse imene mtima wake ukufuna, popanda kuganiza za wailesi kapena za malonda.

Mwezi wa May chaka chomwecho anayamba ntchito m'chipinda chochezera cha m'nyumba ya Rubin ku Los Angeles. Munalibe gulu, munalibe ng'oma. Cash ankaimba nyimbo za kutchalitchi zimene anaphunzira kwa amayi ake, nyimbo za abusa a ng'ombe, zakale za anthu osadziwika ndi zina zimene anapeka yekha n'kuzisunga poona kuti ku Nashville palibe angazifune. Rubin ankamvetsera, ndipo nthawi zina ankabweretsa nyimbo za oimba a zamba zina kuti Cash ayese ngati zingakhale pakamwa pake. Zina anazijambulira m'kanyumba ka mitengo ka Cash ku Hendersonville, ku Tennessee. Pakati pa ntchitoyi anayesako kuitana akatswiri a zoimbira, koma atamvetsera anaona kuti zoyamba zija, za munthu mmodzi ndi gitala mmodzi, ndizo zinali ndi moyo, ndipo zinazo anaziika pambali. Mwezi wa December, Rubin anamukonzera kuti akaimbe yekha pamaso pa achinyamata m'kalabu ya Viper Room. Munthu amene anaimbirapo akaidi oopsa ndi mapulezidenti anagwidwa ndi mantha usiku umenewo, chifukwa pa zaka pafupifupi 40 anali asanaimepo pamaso pa anthu usiku wathunthu popanda gulu kumbuyo kwake. Nyimbo ziwiri za usiku umenewo zinalowa m'chimbale.

Chimbalecho, chotchedwa American Recordings, chinatuluka pa 26 April 1994, kutatsala milungu itatu kuti Amalawi akaponye voti pa chisankho cha zipani zambiri cha pa 17 May. Muli nyimbo 13. Yoyamba, Delia's Gone, ndi ya munthu wosimba mmene anaphera mkazi, ndipo ilipo ina ya msilikali wobwera ku nkhondo ya ku Vietnam, ina ya pemphero la wochimwa yopekedwa ndi Kris Kristofferson, ina ya Leonard Cohen, ina ya Tom Waits. Imene imaluma kwambiri ndi The Beast in Me, yonena za chilombo chokhala m'kati mwa munthu, ndipo anaipeka ndi Nick Lowe, amene anakwatirapo mwana wopeza wa Cash, ndiye kuti ankadziwa bwino za m'nyumbamo. Pa chikuto pali chithunzi cha Cash atavala chikhoti chakuda, ataima kumunda pakati pa agalu awiri.

Kunena zoona, Cash sanali katswiri pa gitala, ndipo m'chimbalechi zimenezo sizibisika. Liwu nalonso linali litayamba kunjenjemera. Koma kunjenjemera kumeneko, kumene a ku Nashville ankayesa kukuphimba, ndiko kunachititsa womvera kukhulupirira kuti woimbayu zimene akunenazo anaziona ndi maso. Rubin sanamupatse chinthu chatsopano. Anangochotsa zimene ena anamuunjikira, mpaka munthuyo anatsala monga analili ku Memphis mu 1955, kupatula kuti tsopano anali atasenza zaka. Amene anamverapo Daniel Kachamba akuimba yekha ndi gitala wake, kapena Allan Namoko ndi banjo yake, amadziwa kuti nyimbo yotere ilibe pobisala: mawu akakhala opanda pake, aliyense amamva. Ndipo amene anaona mmene achinyamata anatembenukira kwa a Giddes Chalamanda m'chaka cha 2020, pamene Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale, aonapo kale kuno kwathu chinthu chofanana ndi chimene chinachitika ku Los Angeles.

Pa malonda chimbalechi sichinachite zodabwitsa. Chinalekezera pa nambala 110 pa mndandanda wa Billboard, ndipo mawailesi a nyimbo za country anachinyalanyaza. Amene anachilandira anali ophunzira a m'makoleji ndi achinyamata amene makolo awo ndiwo ankadziwa Cash. Mwezi wa June 1994 anaimba pa chikondwerero cha Glastonbury ku England, ndipo khamu la achinyamata linamulandira mwa njira imene inamukhudza mtima kwambiri. Chaka chotsatira chimbalecho chinapata mphotho ya Grammy. Chachiwiri, Unchained, chimene anajambula mu 1996 ndi gulu la Tom Petty, chinapatanso Grammy ya chimbale chopambana cha country, ngakhale kuti mawailesi aja anali asanasinthe maganizo.

Tsono pamene dzina linadzuka, thupi linayamba kugwa. Mwezi wa October 1997 anadzandira pamaso pa anthu ku Flint, ku Michigan, pofuna kutola kanthu kamene kanagwa pansi, ndipo anaulula kuti akudwala. Madokotala anasinthasintha dzina la matendawo, mpaka anagwirizana kuti ndi kuwonongeka kwa mitsempha kobwera ndi matenda a shuga. Maulendo oimba anathera pamenepo. Chibayo chinamugoneka m'chipatala kangapo, maso anayamba kuchita khungu, mpweya unkamuthera. Chimene chinatsala chinali kujambula, ndipo anakakamira pamenepo. Masiku ena ankaimba mizere iwiri n'kupuma, ndipo amisiri ankachita kulumikiza zidutswa za tsiku lina ndi za tsiku lina. Chimbale chachitatu chinatuluka m'chaka cha 2000.

Chachinayi, American IV: The Man Comes Around, chinatuluka pa 5 November 2002, ndipo ndicho chomaliza chimene anachiona ndi maso ake. Nyimbo imene inapereka dzina la chimbalechi anaipeka yekha, atasanthula buku la Chivumbulutso kwa miyezi yambiri, ndipo ndi umboni wakuti nzeru zopeka zinali zisanamuthere. Koma imene inagwedeza dziko ndi Hurt, nyimbo ya Trent Reznor wa gulu la Nine Inch Nails. Reznor anaipeka ali mnyamata, ndipo inkanena za munthu wodzipweteka yekha ndi mankhwala osokoneza bongo. Poyamba Cash sanaimvetse chifukwa cha phokoso lake, koma Rubin anamuumiriza kuti awerenge mawu okha. Ataimba nkhalamba ya zaka 70, mawu omwewo anasanduka a munthu wowerengera zonse zimene anapata ndi onse amene anawakhumudwitsa, n'kupeza kuti zopatazo n'zopepuka. Mark Romanek anajambula kanema wa nyimboyi m'nyumba ya Cash ndi m'nyumba yosungiramo zinthu za mbiri yake, imene inali itatsekedwa ndi kuyamba kuwonongeka. Sanamudzoze zobisa makwinya. Akuoneka atakhala pa tebulo lodzaza zakudya zimene sakudya, manja akunjenjemera, akukhuthulira vinyo patebulopo, pamene zithunzi za unyamata wake zikudutsa. June akuoneka ataima pa makwerero, akumuyang'ana. Pomaliza Cash akutseka chivundikiro cha piyano.

Aliyense ankayembekeza kuti wotsogola adzakhala mwamuna, koma June ndiye anayamba. Anamwalira pa 15 May 2003 atachitidwa opaleshoni ya mtima, ali ndi zaka 73. Patangopita masiku owerengeka maliro ataikidwa, Cash anapempha kuti zipangizo zojambulira zikonzedwe, ndipo anaimba pafupifupi tsiku lililonse limene thupi linalola, atakhala pa njinga ya odwala, maso osaona bwino. Pa 5 July anaimba komaliza pamaso pa anthu kumudzi kwa akuchikazi ku Hiltons, ku Virginia. Anamwalira mumzinda wa Nashville pa 12 September 2003, ali ndi zaka 71, ndipo anaikidwa pambali pa mkazi wake ku Hendersonville.

Mwezi wa November chaka chomwecho, bungwe la Country Music Association la ku Nashville, mzinda umene unamusiya kwa zaka zambiri, linapereka mphotho zitatu pa dzina lake: ya chimbale, ya nyimbo ndi ya kanema. Nyimbo zimene anajambula m'miyezi yake yotsiriza zinatuluka m'chaka cha 2006 m'chimbale cha American V, chimene chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard, malo amene iye anali asanafikeponso chiyambire 1969. Zotsala zinatuluka mu 2010. Nyumba yaikulu ya ku Hendersonville, imene ikuoneka m'kanema uja, inapsa ndi moto mwezi wa April 2007 pamene mwini watsopano ankaikonzetsa. Kanyumba ka matabwa ka ku Dyess, kamene boma linapereka pa ngongole mu 1935, kanakonzedwanso ndi Arkansas State University, ndipo kanatsegulidwa kwa alendo m'chaka cha 2014.